Galimoto ya Che Amadu ndi Dzina la Mwana Wanga

LOLEMBA

Mwana wamwamuna! Wabadwa Loweruka lapitali, koma ine sindinamuone. Ali m'chikuta ndi amake, ndipo mwamuna saponda m'menemo mpaka mchombo utagwa. Ndikungomumvera kuseri kwa khoma. Mawu ali nawo.

Apongozi atuma mlamu wanga Fanesi kudzandiuza kuti mchombo ukagwa Lachisanu, mwana atuluka Loweruka. Tsiku lomwelo alandira dzina. Mantha anga ali pamenepo.

Wotcha maina kubanja la mkazi wanga ndi a Namwiyo, atsibweni ake. Ndi munthu wabwino, koma dzina saliganizira ngati anthu ena. Amangoyang'ana chimene bambo wa mwana wanyamula kapena akuchita m'mawa wa tsikulo, basi dzina lapezeka. Akuti kuseri kwa phiri, kumene anachokera ali aang'ono, ankatero. Ndiye m'mudzi muno tili ndi:

Fosholo
Botolo
Sikelo
Kandulo (mtsikana!)
ndi mwana wanga woyamba, Chigamba.

Tsiku la Chigamba ndinawerama kuti ndipereke moni, kabudula wanga ali wosokedwa kumbuyo. Mwana adzachita kumera imvi ali nacho chigamba cha bambo wake.

Ulendo uno ndakonzeka. Abwana anga Che Amadu, a sitolo, apita ku sadaka ya malemu achimwene awo ku Chisi, ndipo kumeneko amapita pa bwato. Andisiyira bokosibode, galimoto ija ya bokosi kumbuyo imene anagula kwa mzungu wa esiteti, yonyamulira fodya ndi nsomba zouma. Zaka ziwiri ndakhala wokweza matumba. Chiwongolero ndayamba kugwira pa kukolola pomwepa. Ndapempha, alola. Akuti, "Loweruka lokha, ndipo usaigwiregwire."

Nzeru yanga ndi iyi:
1. Loweruka m'mawa ndilowa m'mudzi fumbi lili koboo, hutala katatu.
2. Ndiima pamaso penipeni pa a Namwiyo.
3. Aona liwiro. Mwana akhala Liwiro. Akaphonya, Mphamvu. Ngakhale Galimoto ndilandira ndi manja awiri.

Lero ndaitsuka kuseri kwa sitolo. Kutsuka si kugwiragwira. Ndatukula thabwa la pamapazi, pamene pamakhala batire. Nyansi! Pali kalamba kaphwatalala ka waya woluka, kodzaza ufa wobiriwira ngati nkhungu ya pa makaka. Ndakatsata ndi chala. Kakuchoka pa mutu wa batire, kakumangidwa pa chitsulo cha galimoto, basi. Waya aliyense ali ndi kopita, wina ku nyali, wina ku hutala. Aka sikapita kulikonse. Ndiye ndazindikira kuti n'komangira batire lisamadumphe m'mabampu, monga mbuzi pa chikhomo. Ndakamasula ndi sipanala, ndamangapo chingwe cha khonje chatsopano, mfundo zitatu. Tsopano batire silingasunthe ngakhale galimoto itagubuduka.

Kalambako sindinataye. Ndakakwecha ndi phulusa, kawala. Ndowa yosambitsira mwana inali itathothoka chogwirira, ndamangapo komweko. Fanesi wayang'ana n'kuti, "Alamu, lero mwagwira ntchito ya munthu wanzeru. Simukudwala?"

Sindinailize. Petulo ndi wa Loweruka.

LACHIWIRI

Ndati ndiyeserere pang'ono kaimidwe ka Loweruka. Kiyi ndatembenuza. Phazi pa sitata.

Zii.

Ndapondanso. Zii. Ndatsika, ndakweranso, mwina ndinakwera molakwika. Zii.

Nyali: palibe.
Hutala: chete.
Kasingano ka pa bolodi: kagona ngati kamwa kachasu.
Petulo: ndaviika kamtengo, alipo.
Oilo: alipo.
Madzi: alipo.
Mateyala: onse anayi ali ndi mpweya. Sindikudziwa ngati zikukhudzana, koma ndawaponda onse.

Ndatenga handulo, chitsulo chopindika chija chopukusira injini kutsogolo. Che Amadu anandiphunzitsa kuti chala chachikulu osachikulunga, chifukwa injini ikadzuka imabweza handulo n'kukuthyola dzanja. Ndapukusa mpaka malaya thapsa. Lero ndikanakondwa ikanandithyola, bola ndidziwe kuti ili moyo.

Ndakhala pansi kuganiza. Dzulo inali bwino. Chimene ndachita ine n'kuitsuka kokha. Ndiye kuti yazizidwa. Madzi a kudambo aja ndi ozizira, ngakhale ine amandigwetsa m'chimfine. Ndafunditsa boneti masaka anayi ndi bulangete langa, n'kuisiya padzuwa. Pofika masana yatentha moti sungaikepo dzanja. Phazi pa sitata. Zii wotentha.

Ndatukula thabwa kuyang'ana khonje wanga. Ali gwa. Apa pokha ndiye palibe vuto.

Fanesi wadutsa ndi ndowa ija pamutu, kuchokera kuchitsime. Waima, wayang'ana bulangete. Akuti, "Mwana wina m'chikuta, wina m'bulangete. Uyu mchombo wake ugwa liti, alamu?" Ndakokera bulangete pa boneti. Mlamu ukamuyankha ndiye wamupatsa ndiwo za sabata yonse.

Mkazi wanga watumiza mawu kuti mwana akuyamwa bwino, ndipo akufunsa ngati galimoto ili bwino. Ndati ikupuma.

Masiku atsala anayi.

LACHITATU

Ndapita wapansi ku msika wa Phalombe kwa a Kopolo Mathewe. Ankayendetsa malole kunkhondo, tsopano amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Mwendo wawo unavulala kumeneko, ndiye sayenda mtunda. Ndawafotokozera zonse: sitata, nyali, hutala, bulangete. Za khonje sindinanene, chifukwa munthu sukauza sing'anga za mwendo umene sukupweteka.

Sanadzutse mutu pa gudumu limene ankawongola. Akuti, "Batire lauma, mphwanga. Kathire madzi. Koma a mvula okha, a pachitsime amalipha."

A mvula! Mwezi uno! Udzu wapsa, dambo lang'aluka, mvula yomaliza inagwa tisanakolole nandolo.

Pobwerera ndafunsa khomo ndi khomo ngati alipo anasunga madzi a mvula. Mayi wina wandifunsa ngati ndikufuna ndi mphepo ya chaka chatha. Bambo wina wandiyang'ana nthawi yaitali n'kuitana ana ake kuti alowe m'nyumba.

Madzulo mtambo wakuda waoneka pamutu pa Michesi. Ndathamanga! Ndayala pa denga la khola mbale zanga ziwiri, poto wa kusitolo, ndi mbale zitatu za apongozi zimene ndabwereka osawauza. Ndakhala pansi, khosi m'mwamba. Mtambo wafika, wandiyang'ana, wapitirira kulowera ku Chilwa. M'mbale imodzi ya apongozi mwagwadi kanthu, koma n'kochokera kwa khwangwala.

Nkhani yafika kwa a Namwiyo kuti mkamwini akuitana mvula anthu asanafolere nyumba. Atuma munthu kudzafunsa ngati ndalota kanthu. Ndati ayi. Akuti akundiyang'anitsitsa sabata ino, chifukwa dzina labwino limayamba kuonekera patali.

 Mwana wanga akhoza kukhala Mbale. Akhoza kukhala Khwangwala!

Kuyambira pano, ndikamadutsa pakhomo pawo, manja akhale opanda kanthu.

LACHINAYI

Mame ndi mvula yomwe, kungoti ndi yamanyazi. Ndalawira m'nthochi za kudambo ndi supuni ndi kapu. Tsamba ndi tsamba, dontho ndi dontho. Dzuwa likutuluka ndili ndi theka la kapu. Ndayenda nalo ngati ndanyamula mazira, ndafika, ndatsegula tizivundikiro ta batire.

Madzi ali thoo. Tizibowo tonse titatu.

Mame ndamwa ndekha.

Ndabwereka njinga ya aphunzitsi, ulendo kwa a Kopolo. Akuti ndikagunditse mitu iwiri ya batire ndi kawaya, pang'ono chabe, ndione ngati muli moto. Ndabwerera. Kawaya ndasowa, ndatenga sipanala, popeza nayonso ndi chitsulo.

Moto ulimo. Ulimo wambiri. Nsidze yakumanzere ndilibenso.

Ulendo wachiwiri. A Kopolo ayang'ana nkhope yanga, ndawauza za moto uja. Akuti, "Moto ulipo koma sukuyenda? Ndiye ndi ethi. Kayang'ane ethi." Ndagwedeza mutu ngati ethi ndimadya naye mbale imodzi. Panali anthu ambiri odikira njinga zawo, ndipo onse amanditcha adalaivala. Ndikanafunsa bwanji?

Pobweza njinga ndafunsa aphunzitsi monong'ona. Akuti ethi pa Chingerezi ndi dothi, dziko lapansi lino. Mulungu analenga kumwamba ndi ethi.

Maso anga atseguka! Galimoto yaima pa mphira, mateyala anayi, siikhudza dothi paliponse. Chimanga chopanda dothi chimamera? Ine sukulu ndinalekera Sabu B, kalasi yachiwiri, koma izi ndazimva msanga.

Ndatenga waya womangira mabelo a fodya. Mutu umodzi wa batire uli pambalambanda, pamene ndinachotsa kalamba kaja, ngati ukudikira ine. Ndamanga waya pamenepo, mbali inayo ndamanga ku khasu, khasu ndakhoma pansi. Batani la hutala ndalipanikiza ndi kamtengo kuti moto ukangobwera ndimve.

Dothi la pabwalo: chete.
Katondo wofiira: chete.
Makande a kudambo: chete.
Makande othira madzi: chete, ndi matope m'galimoto.
Dothi la pachulu: PI!

Hutala walira! Kamodzi kokha, pamene ndimakoka waya n'kukhudza chitsulo cha pakhomo la galimoto. Pathetheka timoto, ndipo ine wa nsidze imodzi sindikufunanso timoto. Ndakulunga waya yense ndi mphira wa chubu chakale kuti asakhudzenso chitsulo chilichonse. Kuyambira pamenepo chete. Koma njira ndaipeza: ndi dothi la pachulu. Langochepa.

Fanesi akuti nsidze imodzi ikundikhala, ndikuoneka ngati munthu amene akudabwa theka.

LACHISANU

Nthungululu m'mawa. Mchombo wagwa. Aliyense akusekerera kupatula ine. Mawa ndi mawa.

Funso landibwerera ndili kuchulu ndi khasu: galimoto ikamayenda, ethi amatsala? Ndiye ayenera kukwera nawo. Ndadzaza madebe awiri dothi la pachulu, ndawaika pa mpando wa Che Amadu, waya ndazika m'menemo. Chete. Ndawonjeza lachitatu. Chete. Chiswe chayamba kuyendera mpando.

Chatsala n'kukankha. Che Amadu amati galimoto yokana sitata ndi handulo imamvera mtsetse. Mtsetse! Phiri lonse lija lili apo, lalitali mpaka kumitambo, koma makolo athu anasankha kumanga pathyathyathya. Kuchokera pa sitolo mpaka ku Chilwa ungagubuduze dzira osasweka.

Masana anzawo a Che Amadu akutuluka mu mzikiti, mikanjo ili mbee. Ndagwada. Anthu abwino, apinda mikanjo, asanu ndi atatu. Ine pa chiwongolero, giya yachiwiri, phazi pa kilachi. Akathamanga ndimasiya kilachi, galimoto imati gwegwegwe n'kuima, onse asanu ndi atatu n'kudziguba pa bokosi. Kasanu. Mkulu wina wataya kofia, teyala lapondapo. Sanatukwane, koma wanena mawu ena m'Chiyawo amene anzake sanafune kunditanthauzira.

Mmodzi wati tiikweze pa chulu chachikulu cha pamphambano kuti itsetsereke. Takweza chammbuyo. Yatsetsereka mikono inayi, yati gwe, debe limodzi la ethi lakhuthukira pamiyendo panga.

Atsanzika mwaulemu. Mikanjo si yoyeranso. Tsopano galimoto ili pamphambano, theka la njira ya kumudzi. Kusitolo n'kutali, kwathu n'kutali.

A Kopolo atumiza mawu kuti abwera okha Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, wina awakweza pa njinga. Lamulungu! Mwana adzakhala atagona kale ndi dzina.

Nzeru yatsopano:
1. Mawa tambala woyamba, amuna a alamu anga atatu andikankha mpaka pabwalo.
2. Mwakachetechete. Aliyense osatsegula pakamwa.
3. A Namwiyo podzuka apeza galimoto itaima kale, ine nditatsamira chitseko ngati ndangofika.
4. Liwiro ndiye lapita. Koma Galimoto akadalipo. Ngakhale Boneti.

Kabudula ndayang'ana kawiri. Alibe chigamba.

LOWERUKA

Ndilemba mwachidule.

Amuna aja achedwa. Wina amati amafuna nsapato, munthu amene sanavalepo nsapato. Tanyamuka kukuyera. Mpaka pa chitsime zayenda bwino, mwakachetechete monga tinapanganira. Koma polowa m'mudzi pali mchenga uja umene ngolo zimatitimira. Ine ndinauiwala. Mchenga sunandiiwale.

Galimoto yamira mateyala akumbuyo. Amuna atatu akubuula. Dzuwa likusuzumira pa Michesi. Pabwalo pakuoneka apo, poti ungaponye mwala. Mutu wanga wasokonekera. Ndatulutsa khosi pa windo, lamulo langa lomwe ndaliiwala, ndayamba kufuula:

"Kankhani! Kankhani, abale anga! Kankhani!"

Agalu auwa. Zitseko zatseguka. Amayi abwera ndi zitenje m'khwapa, akankha. Fanesi watula ndowa, wakankha akuseka moti mphamvu analibe. Ine pakamwa osatseka. Galimoto yatuluka mumchenga, yakwawa ngati kamba mpaka pabwalo. Ndaponda buleki, ndatsika, ndazungulira kumbuyo kuti ndithokoze.

Pakati pa okankha pali a Namwiyo. Phewa pa bokosi, ndodo m'khwapa, akupuma mwawefuwefu, nkhope ili ngwee. Akuti anadzuka kalekale, amafwenkha fodya pa chitsa cha pa chitsime, ationa kuyambira pamenepo.

Kenaka amutulutsa mwana.

 Kamunthu kakang'ono, atakameta kale, kakuphethira ndi dzuwa loyamba. Andipatsa m'manja. N'kopepuka kuposa handulo. Makutu ndi anga enieni, osauka iye. Kagwira chala changa chakuda ndi oilo, osasiya. Mkazi wanga wandiyang'ana, wayang'ana pamene panali nsidze, watseka pakamwa ndi nsalu. Kwa kanthawi ndaiwala kuti kunja kuno kuli magalimoto.

A Namwiyo akhosomola. Ayamba m'Chilomwe, monga amachitira akakondwa, kenaka atembenukira ku Chinyanja kuti ine mkamwini ndisaphonye liwu. Akuti ana onse amene anatcha anachita kuwafunira dzina ndi maso, koma uyu bambo wake wabwera nalo yekha, akulilengeza kuchokera kumalire a mudzi, moti ngakhale ogontha alimva.

"Mwana uyu ndi Kankhani."

Nthungululu. Mfuti ya kumudzi wapafupi yalira. Kalongonda amene apongozi anaphika masiku awiri wagawidwa. Ine ndadya, koma sindikudziwa ngati munali mchere.

Ndayesa kunong'oneza a Namwiyo kuti galimotonso ili pomwepo, yaikulu, yotsukidwa. Akuti aiona, koma iyo sinanene kanthu.

LAMULUNGU

Tikuweruka kutchalitchi anthu atatu andipatsa moni kuti bambo a Kankhani. Mmodzi wachita kuwerama ngati wagwira bokosi.

A Kopolo afika masana pa kaliyala. Azungulira galimoto ndi ndodo yawo. Aona madebe a dothi pa mpando, khasu, waya wovala mphira. Afunsa kuti ichi n'chiyani. Ndati ndi ethi. Akhala pa sitepe ya galimoto nthawi yaitali, nkhope ili m'chipewa, mapewa akugwedera. Ndimayesa akulira za kunkhondo.

Atukula thabwa. Aona khonje. Akoka mfundo zanga zitatu ndi chala, avomereza kuti n'zolimba.

Akuti, "Mphwanga, panali lamba apa. Ali kuti?"

Ndati kaja komangira? Akuti si komangira. Ethi ndi ameneyo. Moto umatuluka pa mutu uwu, umazungulira nyali, hutala ndi sitata, n'kubwerera kwawo kudzera m'chitsulo cha galimoto ndi lamba ameneyo. Ukachotsa lamba, moto ulibe njira yobwererera, ndiye sunyamuka n'komwe. Akuti ngakhale msilikali sapita kumene kulibe njira ya kwawo.

Ndafunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani azungu amati dothi pamene si dothi. Akuti funso limenelo anafunsa iwonso kunkhondo, anawapatsa chilango chothamanga ndi teyala.

Pamenepo Fanesi akudutsa ndi ndowa. Ndangoloza. Sabata yonse ethi wakhala akundidutsa kawiri pa tsiku, ali pamutu pa mlamu wanga, akuwala.

Kumasula pa ndowa, kumanga pa batire: nthawi yosakwana kusenda chinangwa chimodzi. A Kopolo akuti ponda. Ndaponda ndi chala chimodzi cha phazi.

Yalira. Kamodzi n'kamodzi. Hutala nayenso walira osaleka, popeza kamtengo kaja ndinaiwala kuchotsa. Nkhuku zabalalika, Kankhani wadzuka n'kulira, apongozi atuma mawu kuti mkamwini azimitse chinthu chakecho, mwana akugona.

Ndazimitsa.

Zotsala:
Kutaya ethi wanga, madebe atatu.
Kuchotsa chiswe mu mpando Che Amadu asanafike mawa.
Kugula kofia.
Kubweza mbale ija kwa apongozi, nditaitsuka kachitatu.
Khonje wapita pa ndowa. Kumeneko akugwira bwino ntchito.

A Namwiyo amva nkhani yonse ya lamba. Akuti akanadziwa msanga mwana akanakhala Khonje, koma dzina likatuluka silibwerera m'kamwa. Ndiye ndaona kuti mwina ndapulumuka pang'ono.

Mkazi wanga akuti Kankhani si dzina loipa, n'la munthu amene sadzasowa anthu kumbuyo kwake. Ndamuyang'ana mwanayo ali mtulo, timanja tili mmwamba. Mwina. Chigamba nayenso amathamanga ukamuitana, sadandaula.

Ndalumbira pamaso pa onse kuti wachitatu akadzabadwa, tsiku lotuluka ndidzakhala m'nyumba, chitseko chotseka, manja opanda kanthu, pakamwa potseka.

Fanesi akuti ndiye ameneyo ndi Bisalani.